Mankhwala Akalakwika Pakhomo: Udindo wa Wodwazika Matenda



Phunziro lathu la mwezi uno likukhudza ntchito imene ambiri a ife timaigwira osaiphunzira kusukulu iliyonse, ntchito yodwazika matenda pakhomo. Wodwala akatulutsidwa m'chipatala chachikulu cha Kabwe, kapena akabwerako ku kiliniki ya Ngungu atanyamula timapepala ta mapiritsi, namwino amatsala kuchipatala komweko. Amene amawerenga mapiritsiwo m'mawa, masana ndi usiku ndi mayi wa pakhomopo, mwana wake wamkazi, mchemwali kapena mpongozi. Nthawi zina amakhala mmodzi wa ife amene anadzipereka kuyendera odwala m'dera lake.

Munthu amene akupereka mankhwala katatu pa tsiku kwa miyezi yambiri, uku akuphika, akuchapa ndi kulera ana, tsiku lina adzalakwitsa ndithu. Zimenezi zimawachitikira ngakhale anamwino amene anakhala zaka zitatu akuphunzira ntchitoyi. Tsono mafunso amene tikufuna kuyankha ndi awa: zikachitika, wodwazika achite chiyani? Auze ndani? Nanga ife anzake timulandire bwanji?

Mmene ntchitoyi inafikira m'manja mwathu

Amayi achikulire akukumbukira zaka zimene matenda a Edzi anadzaza zipatala mpaka odwala ena kumagona pansi. Mu 1987 chipatala cha Chikankata cha mpingo wa Salvation Army, kufupi ndi Mazabuka, chinayamba kutumiza antchito ake kukaona odwala kumakomo kwawo ndi kuphunzitsa achibale kasamalidwe kake. Njira imeneyi inafalikira m'Zambia monse, ndipo mipingo yambiri inakhazikitsa magulu a anthu odzipereka osamalira odwala kunyumba. Ambiri mwa odziperekawo anali amayi.

Masiku amenewo ntchito yaikulu inali kusambitsa wodwala, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuphikira phala ndi kumupatsa Panado. Zinthu zinasintha pamene boma linayamba kupereka ma ARV m'zipatala zake, ndipo pofika mu 2005 linachotsa malipiro ake onse. Anthu amene tinkawalira anadzuka. Koma dengu la wodwazika linalemera ndi mankhwala. Lero agogo amodzi atha kukhala ndi mapiritsi a BP, a shuga ndi ma ARV pa nthawi imodzi, mwinanso a chifuwa chachikulu pamwamba pake. Mankhwala akachuluka chotere, mpata wolakwitsa nawonso umakula.

Kulakwitsa mankhwala n'kutani?

Anamwino amaphunzitsidwa kutsimikiza zinthu zisanu asanapereke mankhwala: kuti wodwalayo ndi yemweyo, mankhwala ndi omwewo, mlingo wake ndi woyenera, nthawi yakwana, ndipo njira yoperekera ndi yoyenera, kaya kumwetsa, kubaya jekeseni, kupaka kapena kudontheza. Chimodzi mwa zisanuzi chikaphonyeka, mankhwala alakwika. Pakhomo zimachitika motere kawirikawiri:

1. Kupereka kawiri. Mayi wamwetsa agogo mapiritsi a BP asanapite kumsika, kenaka mdzukulu nayenso wawamwetsa poganiza kuti sanamwe.

2. Kudumphitsa. Kwagwa maliro kwa aneba, onse ali kumeneko, ndipo mapiritsi a madzulo aiwalika.

3. Kusinthanitsa. Mapiritsi ambiri ndi oyera ndiponso aang'ono. Akachotsedwa m'mapepala awo n'kuikidwa m'botolo limodzi, ngakhale mwini wake sangawasiyanitse.

4. Kulakwitsa muyezo. Mankhwala amadzi a ana amayezedwa ndi kakapu kapena sirinji imene imabwera nawo. Masipuni a kukhitchini amasiyana kukula, ndipo dokotala akalemba 5 ml sanena za sipuni ya tiyi imene ili m'kabati mwanu.

5. Kugawana. Mnzathu akadandaula mutu timamupatsa mapiritsi athu a BP, kapena timasunga Coartem wotsala kuti adzamwe mwana wina. Coartem amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa wodwala. Akatsala, ndiye kuti woyambayo sanamalize.

6. Kuphatikiza osafunsa. Mankhwala a m'sitolo, a zitsamba ndi a kuchipatala akakumana m'thupi limodzi amatha kulimbana.

Vutoli lili m'maiko onse. Mu March 2017 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuchepetsa ndi theka kuvulala koopsa kobwera chifukwa cha kulakwitsa mankhwala, ndipo linayerekeza kuti zolakwa zotere zimawonongetsa ndalama zokwana madola 42 biliyoni pa chaka padziko lonse. Choncho mayi amene walakwitsa pakhomo pake asaganize kuti ndi woyamba, kapena kuti ndi wopusa kuposa anzake.

Zimene tingaphunzire kwa anamwino

Namwino sagwira ntchito mmene wafunira. Kuno ku Zambia amalembedwa m'kaundula wa bungwe la Nursing and Midwifery Council of Zambia, limene likugwira ntchito pansi pa lamulo la anamwino ndi azamba la mu 2019. Poyamba bungweli linkatchedwa General Nursing Council. Ndilo limapereka chilolezo chogwirira ntchito, ndipo lili ndi mphamvu yolanga kapena kulanda chilolezocho. Namwino akapereka mankhwala amalemba pa pepala la wodwala ndi kusaina. Akalakwitsa, mwambo wa ntchito yake umafuna kuti athandize wodwalayo nthawi yomweyo, adziwitse dokotala ndi womuyang'anira, ndipo alembe zimene zachitika.

Nkhani ina ya ku America inagwedeza anamwino a m'maiko ambiri. Mu December 2017, namwino wina dzina lake RaDonda Vaught, wa pachipatala cha Vanderbilt mumzinda wa Nashville, anauzidwa kuti apatse mayi wa zaka 75 mankhwala okhazika mtima pansi otchedwa Versed. Iye anatenga molakwitsa mankhwala ena otchedwa vecuronium, amene amafooletsa minofu yonse mpaka munthu kulephera kupuma. Mayiyo anamwalira. Namwinoyo anaulula kwa akuluakulu ake tsiku lomwelo, koma chipatala sichinadziwitse akuluakulu a boma monga chinayenera kuchitira. Nkhaniyi inadzatulukira mu 2018 munthu wina atatsina khutu a boma. Namwinoyo analandidwa chilolezo mu 2021, khoti linamupeza wolakwa mu March 2022, ndipo mu May chaka chomwecho anapatsidwa chilango cha zaka zitatu chogwirira kunja kwa ndende.

Anamwino ambiri anadandaula kuti ngati woulula atengeredwa kukhoti, ena adzayamba kubisa, ndipo odwala ndiwo adzavutike. Ena anati moyo wa munthu unatayika ndipo wina anayenera kuyankhapo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, ndipo tonse tingatolepo kanthu. Wopereka mankhwala ali ndi udindo weniweni umene sangauthawe. Komanso malo amene woulula amakhaulitsidwa, anthu amaphunzira kutseka pakamwa. Banja ndi gulu la amayi likhoza kukhala malo otere osadziwa.

N'chifukwa chiyani timabisa?

Tinene chilungamo, amayi. Mkazi amene akudwazika apongozi ake amadziwa kuti zinthu zikavuta, achibale a mwamuna wake adzafunsa kuti anawamwetsa chiyani. Mayi amene akudwazika mwamuna wake amaopa kunenedwa kuti wamupha chifukwa cha nyumba kapena penshoni. Pamakomo ena mawu akuti ufiti satenga nthawi kutuluka. Wina amaopa kukalipiridwa ndi namwino pamaso pa anthu amene ali pamzere. Wodzipereka amaopa kuchotsedwa m'gulu, ndipo mtsikana wantchito amaopa kuti ntchito imuthera. Mantha onsewa ali ndi pochokera, ndipo sitiyenera kuwaseka.

Palinso kudzinamiza. Wodwala akaoneka bwino patapita ola limodzi, mtima umati zapita, palibe chifukwa chodzutsira nkhani. Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu.

Zimene kubisa kumachita

Ife a ku Kabwe tikudziwa bwino za chiphe chosaoneka. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu unatsala m'dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo mwana amatha kusewera bwinobwino pamene magazi ake ali ndi mtovu wochuluka. Zimadziwika pokhapokha akayezedwa. Mankhwala ena akapyola muyezo amachitanso chimodzimodzi. Taonani zitsanzo izi.

Panado. Munthu wamkulu sayenera kupitirira mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku, ndipo pazidutsa maola osachepera anayi asanamwenso. Mankhwala ambiri a chimfine ogula m'sitolo ali kale ndi paracetamol, amene ndi mankhwala omwewo a mu Panado, kotero munthu atha kupyola muyezo osadziwa. Panado wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete. Tsiku loyamba wodwala akhoza kuoneka bwino, kenaka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu maso n'kuyamba chikasu. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, koma amagwira bwino kwambiri akaperekedwa maola 8 asanathe. Wobisa amataya maola amenewa.

Mankhwala a shuga. Wodwala akabayidwa insulin, kapena akamwa mapiritsi ena monga glibenclamide, koma osadya, shuga amatsika kwambiri. Amatuluka thukuta, amanjenjemera, amayankhula zosamveka, mwinanso kukomoka. Achipatala akauzidwa kuti walandira kawiri amadziwa chochita nthawi yomweyo. Akapanda kuuzidwa amataya nthawi kufufuza matenda ena.

Mapiritsi a BP. Tiyerekeze kuti wodwala wakhala sabata osamwa, ndipo pa tsiku la sikelo wodwazika akuti amamwa tsiku lililonse. Achipatala ataona BP ili pamwamba adzaganiza kuti mankhwala akuchepa mphamvu, ndipo adzawonjezera mlingo. Kunyumba wodwalayo akayamba kumwa mokhulupirika mlingo watsopanowo, BP ikhoza kutsika mopyola, achite chizungulire ndi kugwa. Bodza laling'ono la mu ofesi ya dokotala likhoza kuthyola mwendo wa agogo kubafa.

Mankhwala a TB ndi ma ARV. Chifuwa chachikulu wamba chimachizidwa kwa miyezi 6. Kudumphadumpha kumapatsa tizilombo mpata wozolowera mankhwala, ndipo TB yosamva mankhwala ndi yovuta kuchiza, komanso imapatsira ana a m'nyumba momwemo. Kachilombo ka HIV nakonso kamaphunzira kupirira ma ARV akamamwedwa modukizadukiza. Dziwaninso kuti mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya dolutegravir, amene ali m'ma ARV amene ambiri akumwa masiku ano. N'chifukwa chake wodwala matenda onse awiri amapatsidwa piritsi lina loonjezera loti amwe patapita maola 12. Piritsi limeneli likamaiwalika, achipatala ayenera kudziwa.

Akuluakulu anati pepani sapoletsa chilonda. Kulira ndi kupepesa pamaliro sikubweza munthu. Chimene chimapulumutsa ndi mawu onenedwa nthawi ikadalipo.

Zoyenera kuchita mukazindikira kuti mwalakwitsa

Choyamba, yang'anani wodwala. Ngati akubanika, wakomoka, akugona tulo tosadzutsika, akugwa khunyu, watupa milomo kapena nkhope, kapena watuluka zilonda m'kamwa ndi matuza pakhungu, pezani galimoto msanga mupite naye kuchipatala. Musadikire kuti kuche, ndipo musadikire kuti bambo abwere kuntchito.

Chachiwiri, musayese kukonza nokha. Musamusanzitse pomupisa chala kukhosi kapena pomumwetsa madzi a mchere. Musakhulupirire kuti mkaka kapena mafuta ophikira amapha mphamvu ya mankhwala. Munthu wokomoka asathiridwe kanthu kalikonse m'kamwa, chifukwa chikhoza kulowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali. Wodwala shuga amene akunjenjemera ndi kutuluka thukuta koma akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera, kenaka chakudya, ndipo mupite nayebe kuchipatala.

Chachitatu, lembani. Dzina la mankhwala, mapiritsi angati, nthawi yanji, ndi zimene mwaona pa wodwala. Mutu wa munthu wamantha suchedwa kuiwala.

Chachinayi, nenani tsiku lomwelo, ngakhale wodwala akuoneka bwino. Pitani kukiliniki, kapena imbirani namwino kapena mlangizi amene amamuona wodwalayo. Nyamulani mapepala ndi mabotolo onse a mankhwala, kuphatikizapo a m'sitolo ndi a zitsamba, pamodzi ndi kadi ya kuchipatala. Yankhulani mwachindunji, mwachitsanzo: "Anesi, amayiwa amwa mapiritsi awa kawiri lero, 7 koloko ndi 9 koloko m'mawa. Ndichite chiyani?" Namwino akakukalipirani, pirirani, koma musachoke musanamve yankho. Kukalipiridwa kumatha pofika madzulo.

Chachisanu, ngati mwadumphitsa, musapereke mlingo wowirikiza kuti mubwezere. Pa mankhwala ambiri lamulo ndi lakuti mupereke mukangokumbukira, koma ngati nthawi ya mlingo wotsatira yayandikira, ingopitirizani monga mwa masiku onse. Popeza mankhwala amasiyana, funsiranitu za zimenezi pa tsiku limene mukuwalandira.

Chachisanu ndi chimodzi, muuzeni wodwalayo, ngati ali wozindikira, komanso wachibale amene ali ndi udindo pa iye. Thupi ndi lake, ndipo ali ndi ufulu wodziwa chimene chalowamo. Ngati mukuopa kuyankhula nokha ndi achibale, tengani mayi wina wachikulire wodalirika akhale nanu. Nkhani imene mwainena nokha pa tsiku loyamba imamveka mosiyana ndi imene yatulukira patatha mwezi.

Nanga wolakwitsa akakhala wachipatala?

Nthawi zina cholakwa chimachokera pawindo lolandirira mankhwala. Antchito ndi ochepa, mzere ndi wautali, ndipo mayina a anthu amafanana. Musanachoke pawindo, werengani dzina limene lalembedwa pa pepala. Ngati mapiritsi asintha mtundu kapena kukula, funsani. Kawirikawiri amakhala mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina, koma ndi bwino kumva zimenezi kuchokera kwa wopereka mankhwalayo kusiyana ndi kungoganiza. Safunsa anadya phula.

Mukaona kuti mwapatsidwa mankhwala olakwika, siyani kupereka ndipo bwererani nawo tsiku lomwelo. Yankhulani mwaulemu, pakuti cholinga ndi kuteteza wodwala wanu ndi ena amene akubwera pambuyo panu. Kumbukirani kuti ngati mwalandira mapiritsi a munthu wina, mwina iyenso watenga anu. Ngati simukumvedwa, pemphani kuonana ndi mkulu woyang'anira kilinikiyo. Mukhozanso kudzera ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, imene timaitcha Neighbourhood Health Committee, kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Kabwe. Pa nkhani zazikulu, madandaulo okhudza anamwino ndi azamba amapita ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo okhudza madokotala ndi antchito ena a zaumoyo amapita ku Health Professions Council of Zambia. Kufalitsa dzina la namwino pa Facebook kapena pa WhatsApp sikuchiza wodwala, ndipo kumangowonjezera mantha amene amachititsa anthu kubisa.

Palinso nthawi imene palibe walakwitsa, koma mankhwalawo ndiwo ali ndi vuto kapena sakugwirizana ndi thupi la wodwala. Bungwe la ZAMRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mankhwala la mu 2013, limasonkhanitsa malipoti otere kuchokera kuzipatala ndi kwa anthu wamba. Kufunika kwa malipoti amenewa kunaoneka ku Gambia mu 2022. Madokotala kumeneko anaona kuti ana ang'onoang'ono ambiri akubwera ndi vuto la impso, ndipo ananena. Kufufuza kunapeza mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine amene munali chiphe, ndipo mu October chaka chimenecho WHO inachenjeza dziko lonse. Ana pafupifupi 70 anamwalira. Akanapanda kunena madokotalawo, mabotolo aja akanapitirira kugulitsidwa. Choncho mwana akatuluka ziwengo, akasiya kukodza, kapena akasintha modabwitsa atangoyamba mankhwala, kanenereni kukiliniki ndipo botololo musalitaye.

Kupewa: kope la mankhwala

Chida chachikulu cha namwino ndi cholembera. Nafenso tingachite chimodzimodzi ndi kope wamba la ana asukulu.

Pa tsamba loyamba lembani dzina la wodwala, mankhwala ake onse, ntchito ya mankhwala alionse, mlingo ndi nthawi yomwera. Lembaninso mankhwala amene anamuwengapo kale. Pa masamba otsatira jambulani mizere ya masiku, ndipo wopereka mankhwala azichonga ndi kulemba dzina lake akangomaliza kumwetsa. Asachonge asanamwetse. Amene satha kuwerenga athandizidwe ndi zithunzi: dzuwa lotuluka, dzuwa la pamutu ndi mwezi.

Pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ali ndi udindo wa mankhwala pa tsikulo. Akamachoka, asiyire wina pomuuza pakamwa ndi kumuonetsa kope, monga amachitira anamwino posinthana ntchito. Mankhwala azikhala m'mapepala awo, pamalo ouma ndi osatentha, pamene ana sangafikepo. Odwala akakhala awiri m'nyumba imodzi, aliyense akhale ndi chikwama kapena chitini chake. Usiku magetsi akazima, yatsani tochi musanatsegule pepala lililonse. Yang'anani deti lothera mphamvu. Kope limeneli lizipita nawo kukiliniki ulendo uliwonse.

Polandira mankhwala atsopano funsani mafunso awa: Ndi a chiyani? Amwedwe kangati ndiponso kwa masiku angati? Amwedwe asanadye kapena atadya? Kodi akugwirizana ndi ena amene akumwa kale? Ndi zizindikiro ziti zimene ndikaziona ndibwerere msanga? Mwachitsanzo, wodwala TB amauzidwa kuti mkodzo wofiirira ndi wosadetsa nkhawa chifukwa umabwera ndi rifampicin, koma maso achikasu ndi kusanza kosalekeza ndi zofunika kuthamangira nazo kuchipatala.

Mbali ya Chigwirizano

Ife timalowa m'nyumba zimene namwino safikamo. Tikapita kukaona wodwala timanyamula ufa, shuga ndi sopo, ndipo timachita bwino. Tiwonjezerepo kufunsa wodwazika, pambali ndiponso mofatsa, mmene zikuyendera ndi mankhwala. Ambiri amalakwitsa chifukwa cha tulo. Mayi amene wagona maola awiri okha kwa sabata yathunthu akufunika wina womulandira usiku umodzi kuposa uphungu. Mutu umodzi susenza denga.

Mnzathu akatiululira kuti walakwitsa, mawu athu oyamba akhale akuti, "Mwachita bwino kunena. Tiyeni tipite limodzi." Za mmene zinachitikira tidzakambirana wodwala atathandizidwa. Ndipo nkhaniyo ithere pomwepo. Isafike pamsonkhano wa Lachinayi ngati chopempherera chotchula dzina, isafike kumsika, isafike pa gulu la pafoni. Tikaulutsa chinsinsi cha mmodzi, amayi ena makumi awiri amene amva adzasankha kukhala chete pa tsiku lawo. Chimodzimodzinso mtundu wa mankhwala amene taona m'nyumba ya munthu. Botolo la ma ARV limene maso athu aona si nkhani yoti tikauze wina.

Kukhululuka sikutanthauza kunyozera. Ngati wodwazika akulakwitsa mobwerezabwereza chifukwa cha mowa, ukalamba, maso osaona bwino, kapena kusasamala, banja liyenera kukhala pansi ndi kupereka ntchitoyo kwa wina. Ngati pali umboni wakuti wina akumana wodwala mankhwala mwadala kapena akuwagulitsa, imeneyo ndi nkhanza, ndipo iyenera kukafika kwa achipatala ndi kwa akuluakulu. Wodwala amene ali chigonere alibe mawu, ndipo ife ndife pakamwa pake.

Pali cholakwa china chimene chimalowa m'nyumba chitavala zovala za chikhulupiriro. Alipo anthu amene amauza odwala kuti achiritsidwa, ataye mapiritsi. Ena amasiya mankhwala chifukwa cha kusala kudya. Wodwala khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi akhoza kugwa mowirikiza mpaka kutaya moyo, ndipo wosiya ma ARV amabwerera ku matenda amene anachokako. Tipemphere ndi odwala athu, ndipo tikatha kunena amen tifunse ngati amwa mankhwala. Amene ali ndi mphamvu yoimitsa kapena kusintha mankhwala ndi wachipatala amene wamuyeza wodwalayo. Mayi wa Chigwirizano asapereke mankhwala ake kwa wina, ndipo asalangize mlingo, ngakhale atadwazikapo matenda ofanana.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mwa njira 6 zolakwitsira mankhwala zimene tatchula, ndi ziti zimene zimachitika kwambiri m'makomo a kuno kwathu? Chimachititsa n'chiyani?

2. Mayi wina wazindikira usiku kuti wamwetsa apongozi ake mapiritsi a shuga kawiri. Mwamuna wake ali ku Ndola, ndipo alamu ake sagwirizana naye. Agogowo akugona. Achite chiyani, ndipo ayambe ndi chiti?

3. Pa nkhani ya namwino wa ku Nashville, kodi chilango chinali choyenera? Nanga chipatala chimene sichinanene, mlandu wake ndi wotani?

4. Kodi mayi wolakwitsa angamasuke kuulula m'gulu lathu lino? Ngati ayi, ndi khalidwe liti limene tiyenera kusiya?

5. Tingamuyankhe bwanji mwaulemu munthu amene akuuza wodwala wathu kuti asiye mankhwala?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lilembe mayina a odwala a m'dera lake amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali, ndipo mndandandawo usungidwe ndi mtsogoleri yekha. Pa nyumba iliyonse imene yavomera, amayi awiri apite ndi kope ndi cholembera, akathandize wodwazika kulemba tsamba loyamba pogwiritsa ntchito kadi ya kuchipatala. Pomwe pali chosamveka, asalembe zongoganiza, akafunse kukiliniki. Atsogoleri apemphenso namwino mmodzi, kaya wa mumpingo mwathu kapena wa pakiliniki, adzakhale nafe pamsonkhano wa mwezi wamawa kuti adzayankhe mafunso amene atuluke m'maulendo amenewa. Aliyense adzabwere ndi funso lake litalembedwa.